Chimanga ndi Makala a Azakhali

Chaka chimene ndinapempha kuti pa yunivesite pathu pakhale phunziro la nyimbo za amayi akumudzi, komiti yoona za maphunziro inandiyankha mwaulemu wowawa. Inati ganizo ndi labwino ndithu, koma ophunzira sangakhale miyezi yonseyo akumvetsera ine ndikuimba zimene ndikukumbuka. Pafunika zowerenga, pafunikanso nyimbo zenizeni zojambulidwa. Zikapanda kupezeka sukulu isanatsegulidwe, phunzirolo lifafanizidwa. Ndinatuluka m'chipindamo mtima ukuwira, chifukwa ganizoli ndinali nditalilimbikira kwa zaka, komanso chifukwa ankanena zoona. Mawu anga oimbira ndi obalalitsa nkhuku.

Ndinalunjika ku laibulale. Mbali ya mabuku a zachikhalidwe inkayang'aniridwa ndi bambo wina wamtali, wa imvi za m'mbali, amene sindinawaonepo atavula taye ngakhale kutentha kutafika pati. Aphunzitsi tonse tinkawadalira, ngakhale ambiri sitinkavomera pagulu. Ukawauza zimene ukufufuza, ankayamba akupanikiza ndi mafunso mpaka iwe mwini n'kuzindikira kuti chimene wabwerera si chimene ukufuna. Chaka chilichonse ankatenga ophunzira anga atsopano n'kukhala nawo pa makompyuta, kuwaphunzitsa kusiyanitsa nkhani yofufuzidwa bwino ndi mphekesera za pa intaneti. Mnzanga wina anatsala pang'ono kupereka kafukufuku wake wa zaka zambiri kwa anthu achinyengo odzitcha osindikiza, ndipo anamugwira dzanja ndi bambo omwewa. Chimene chinkandipsetsa mtima mwa iwo chinali kudekha. Ine ndine wa phuma, ndipo munthu wodekha amandiyabwa.

Tsikulo anandimvetsera mpaka ndinamaliza kudandaula, kenako anafunsa kuti, “Adokotala, kwanu kwenikweni n'kuti?”

Ndinawauza kuti ndinakulira ku Mua, kumene bambo anga ankaphunzitsa, koma kumudzi kwa bambowo ndi cha ku Mtakataka.

“Chabwino. Tiyambire kwanu komweko,” anatero.

Zowerenga anazipeza msanga. Zina anazikumba m'mashelefu mwathu momwemo, zolemba za ophunzira akale zimene zinali zitadya fumbi, zina anaziitanitsa ku malaibulale ena. Anazisanja pa shelefu yapadera kuti ophunzira anga azidzawerengera pomwepo osatuluka nazo. Koma nyimbo zojambulidwa zinali zii. Ndinkangopitako m'mawa ndi masana ngati ndasiya mwana kuchipatala, iwo n'kumangoti, “Ndalemberako anzathu akunja, tidikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.” Ndinkachoka ndikung'ung'udza kuti nkhono ilibe komiti yoithamangitsa.

Tsiku lina anandiitana okha. Pa tebulo lawo panali envulopu yonenepa, yodzaza masitampa achilendo, ndipo m'kati mwake munali zimbale ziwiri. Anandifotokozera kuti kalekale, ine ndisanabadwe, mayi wina wachizungu anakhala m'midzi ya kwathu akujambula nyimbo pa matepi. Matepiwo anakathera mu laibulale ina kutsidya kwa nyanja zamchere, m'bokosi lolembedwa mawu ochepa chabe akuti nyimbo za amayi a dera la Mtakataka. Momwe bambowa analinunkhizira bokosilo ali pampando wawo, mpaka lero ndimazizwa. Ndinakhala pansi osauzidwa.

Anati ayambe aona ngati zimbalezo zafika bwino. Analowetsa chimodzi mu kompyuta n'kuvala mahedifoni. Ndinkawerenga nkhope yawo. Poyamba ankamwetulira, chala chikugogoda tebulo, n'kundiuza kuti iyi ndi ya pamtondo, misi ikumveka bwinobwino. Anadumphira nyimbo zina kutsogolo. Mwadzidzidzi nkhope inasintha. Anavula mahedifoni aja msangamsanga ngati alowa nyerere, n'kuzimitsa.

“Chawonongeka?” ndinafunsa.

“Ayi. Koma kwathu ng'oma ikalira chonchi, amuna timakhotera njira ina. Izi ndi za ku tsimba, mayi. Ndi za chinamwali.”

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge chimbalecho. Iwo anachibwezera mu envulopu mwaulemu wonse. Anati zimbalezo zabwera m'dzina la laibulale, ndipo asanabwereke munthu aliyense ayenera kulemba kuti mwini wake ndani, wololedwa kumva ndani. Mzungu uja anangojambula, mwini si iyeyo. Eni ake ali ku Mtakataka, ndipo palibe amene anawafunsapo ngati nyimbo zawo zingalizidwe m'holo muli anyamata.

Apa ndiye ndinakalipa. Ndinawakumbutsa kuti sukulu ili pafupi kutsegulidwa, kuti ine ndine mkazi, kutinso ndine mwana wa kumeneko. Anavomera zonsezo ndi mutu, koma envulopu anaitsekera m'kabati. Kenako anafunsa ngati ndikudziwa namkungwi aliyense kumeneko, mmodzi wa amayi amene amalanga anamwali.

Ndinkamudziwa, ndipo vuto linali pomwepo. Azakhali anga, alongo awo a bambo, anali namkungwi wotchuka m'dera lonselo. Ine ndinakulira pa mishoni, ndipo nditakula anandilanga ndi alangizi a kumpingo. Ku tsimba sindinapondeko. Azakhali sanaiwale zimenezi. Ngakhale nditabereka ana, ngakhale nditavala mkanjo wa udokotala, ankandilonjera kuti, “Wabwera mwana wosavinidwa uja.” Ankanena moseka, koma munga unalimo. Tsopano phunziro langa lonse linali m'manja mwawo. Walira mvula walira matope.

Tinanyamuka Loweruka. Ndinkaganiza kuti bambowa andipatsa zimbale ndipite ndekha, koma anabwera ku siteji atavala jekete ndi taye, atakumbatira wailesi ya mabatire yoliza zimbale. Minibasi inatsetsereka nafe pa Khwekhwerere mabuleki akununkha, amayi ena akupemphera mokweza pa kona iliyonse. Titafika ku Golomoti kutentha kunatilandira ngati tatsegula uvuni. Ndinawauza bambowo kuti avule jeketeyo asanakomoke, iwo anati akupita kukaonana ndi eni katundu, ndipo munthu supita kwa eni katundu utavala ngati ukupita kudimba. Pa Mtakataka tinakwera kabaza. Ndikukumbukira mawondo awo aatali atatuluka uku ndi uku, wailesi ili pamiyendo, tikudutsa pakati pa milambe ndi mikeka yoyanikapo mpunga wa ku Bwanje.

Azakhali tinawapeza akupeta pakhonde. Ndinali nditatumiza uthenga, choncho anali ataitana anamkungwi anzawo, amayi okalamba angapo amene anakhala chondondozana pamphasa. Bambo aja anakana mpando. Ananjuta pansi, kuomba m'manja, n'kufotokoza nkhani yonse m'Chichewa chosavuta: za mzungu uja, za bokosi, za phunziro langa. Sanakometsere chilichonse. Anati, “Amayi, nyimbozi ndi zanu. Zina mwina n'zoti aliyense angamve, zina ayi. Ine sindingadziwe, ndipo si malo anga kudziwa. Mukanena kuti zonse zitsekedwe, titseka.”

Ndinawayang'ana bambowo ndi diso lakuthwa. Mawu omalizawo akanatha kuwasiya.

Azakhali anafunsa kuti chinthucho chimalira bwanji. Bambowa anawaphunzitsa mabatani atatu, loyambitsira, loimitsira ndi lodumphira kutsogolo, modekha chimodzimodzi ndi momwe ndinkawaonera akuphunzitsa mapulofesa pa kompyuta. Azakhali analakwitsa kangapo, anzawo akuwaseka kuti zala zinazolowera ng'oma. Atagwira, panabuka funso lakuti adzakumbukira bwanji nyimbo yololedwa ndi yoletsedwa, popeza zinali zambiri. Bambo aja anayamba kutulutsa cholembera, koma azakhali anawaletsa ndi dzanja. Anatapa njere za chimanga m'lichero, n'kutuma mnzawo kukatola makala kukhitchini.

“Nyimbo ikatha tiziika chimodzi pansi, mondondoza. Chimanga n'cha aliyense. Khala ndi lathu.”

Amayi aja ananyamuka kulowa m'nyumba, ine n'kuimirira kuwatsatira. Azakhali anatembenuka pakhomo.

“Iwe ukupita kuti?”

“Kukamvera nawo, azakhali. Paja phunziro ndi langa.”

“Unavinidwa liti? Kapena kusukulu kwanuko kuli tsimba?”

Nyumba yonse inafa nalo phwete. Chitseko chinatsekedwa ine ndili chiimire, mayi wa ana atatu, dokotala wa zachikhalidwe, nkhope ikuyaka ndi manyazi.

Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo. Wailesi itayamba, ng'oma inkamveka chapansipansi, ndipo bambo aja ananyamula chitsa chimene anakhalira n'kusunthira kutali, kufupi ndi khola la mbuzi kumene kunalibe mthunzi wokwanira. Ndinawatsatira, osati chifukwa cha ulemu, koma kuti ndipeze womukalipira. Ndinawafunsa kuti nanga pansi pakadzaza makala okhaokha titani.

“Ndiye kuti phunziro lanu ligwa chaka chino,” anayankha. “Sindikunamizani. Tidzayambanso kufufuza, ndipo ndidzakuthandizani mpaka tipeze zina. Koma taganizani, mayi. M'kalasi mwanu mudzakhala mwana wina wa kuno. Atamva za ku tsimba zikulira pa sipika, n'kudzanena kumudzi, inu mungadzapondenso pabwalo lino?”

Ndinkathothola udzu wouma n'kumauduladula.

Dzuwa linafika paliwombo. Mbuzi zinasiya kulira. Ndiye kuchokera m'nyumba muja munayamba kumveka china chimene sichinali wailesi. Amayi aja ankavomera. Mawu enieniwo sankatifika, koma kukwera ndi kutsika kwake kunkamveka, mawu okalamba akulondola mawu a anthu amene anagona kalekale. Nthungululu inalira kamodzi, yaitali. Kenako kunangoti zii, ndipo m'kachetechetemo wina anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro. Ndinali nditalemba masamba ambirimbiri onena za nyimbo zimenezi, koma mpaka tsikulo sindinkadziwa kulemera kwake. Ndinacheukira bambo aja. Anali ataweramitsa mutu, thukuta likudontha pa taye, manja atawaphatikiza ngati ali m'tchalitchi.

Anatiitana dzuwa litapendeka. M'nyumbamo munali fungo la thukuta ndi fodya wa pamphuno, maso a amayi onse ali psuu. Pansi pozira, kuyambira pakhomo kulowera kukhoma, panali mzere wa njere ndi makala. Maso anga anathamangira pamzerewo mtima uli m'malere. Koyambirira kunali chimanga chokhachokha, kenako khala limodzi, chimanga china, ndiyeno makala ondondozana mpaka kumapeto. Chimangacho chinali chokwanira. Azakhali anandiuza kuti m'menemo muli za pamtondo, zopalira m'munda, zotonthoza ana ndi za paukwati. Mtima unakhala pansi koyamba chichokereni m'chipinda cha komiti.

Bambo aja anagwada pambali pa mzerewo n'kuukopera m'pepala, njere ndi njere, khala ndi khala, osakhudza kanthu. Atamaliza anauwerenganso mobwerera kuti atsimikize. Kenako anafunsa za makalawo. Anati akhoza kusiya nyimbozo pomwepo n'kufufuta za ku laibulale, kapena akhoza kuzisunga motsekera. Anawonjeza kuti mulimonse mmene asankhire, alembera anzawo akunja aja kuti nawonso atseke zawo.

Amayi aja ananong'onezana. Mmodzi, wopanda mano akutsogolo, anati atsikana a masiku ano amangokhala ku tsimba masiku ochepa chifukwa cha sukulu, ndipo m'zimbalemo amvamo nyimbo zimene iwo eni anali ataziiwala theka. Akafa iwo, ndani adzazikumbuka? Komanso m'nyumba zathuzi muli chiswe, muli zidzukulu zogwiragwira.

Azakhali anayang'anitsitsa bambo aja. “Inu bambo, munamvapo zingati?”

Iwo anachita manyazi kuyankha, choncho ndinayankha ndine. Ndinafotokoza momwe anavulira mahedifoni ng'oma itangoyamba, momwe anandikanizira chimbale ine ndikukalipa, ndi momwe anasunthira chitsa kukakhala padzuwa. Ndinkanena ngati ndikuwaneneza, koma pofika kumapeto ndinamva ndekha kuti mawu anga asintha.

“Anatseka makutu okha, popanda wowauza?” anafunsa azakhali.

“Okha.”

“Basi, asunge ndi iwowa. Anamkungwi a kuno akadzazifuna, adzabwere kudzamvera komweko.” Anandiloza ndi chibwano. “Koma mwana wa achimwene angayu musadzamupatse kiyi. Ndimamudziwa, ali ndi makutu oyabwa. Ntchito yake ikhale yoperekeza. Akadzabwera amayi, iye ndiye adzanene kuti awa ndi athu, n'kuwafikitsa pakhomo.”

Zinandilasa mtima, sindibisa. Azakhali anga enieni anakhulupirira mlendo amene anamuona tsiku limodzi kuposa mwana wa mlongo wawo. M'minibasi pobwerera mkwiyo unkawirabe mpaka titakwera phiri lonse. Koma pansi pa mkwiyowo panali kuzizwa. Ndinkaganiza kuti ntchito ya munthu wa laibulale n'kutsegula basi. Sindinkadziwa kuti munthu angasake chinthu mpaka kutsidya kwa nyanja, n'kuchipeza, n'kuvomera kuchisunga moyo wake wonse osachilawa.

Komiti inavomereza phunziro langa. Bambo aja anakonza chimbale chatsopano cha nyimbo za chimanga zokha, ndipo m'kaundula wa laibulale, pamalo polemba eni ake, analemba amayi a m'mudzi mwathu. Ophunzira anga akatchula nyimbozo m'zolemba zawo, ankayenera kutchula amayiwo monga amatchulira mapulofesa. Tsiku loyamba nditaliza nyimbo ya pamtondo m'holo, atsikana akumbuyo anayamba kuvomera okha, ena akupukuta m'maso. Phunzirolo lidakalipo mpaka pano.

Panapita zaka, azakhali anatisiya. Mwa amayi amene anakhala pamphasa tsiku lija, otsala anali owerengeka. Tsiku lina ndikutuluka m'kalasi ndinapeza amayi awiri pakhomo pa ofesi yanga, atakhala pansi pa simenti, zitenje zili ndi fumbi la ulendo. Mmodzi ndinamuzindikira, tinkasewera limodzi ndikapita kumudzi patchuthi. Tsopano anali namkungwi. Anati ali ndi anamwali mwezi wamawa, ndipo pali nyimbo imene imayenera kuimbidwa powatulutsa ku tsimba, koma onse akuikumbuka mosiyana. Azakhali asanamwalire anawauza kuti ikadzawasowa, akwere minibasi.

Ndinawatsogolera ku laibulale. Bambo aja, imvi tsopano zitakuta mutu wonse, anaimirira atationa. Ndinati, “Awa ndi athu.” Sanafunse china. Anatsegula kabati, n'kuwalowetsa m'kachipinda komvetsera, kuwaonetsa mabatani ndi kavalidwe ka mahedifoni. Anapempha ophunzira amene ankawerenga pafupi kuti asamukire mbali ina. Kenako tinatuluka tonse awiri, iwo n'kukoka chitseko.

Tinakhala pa benchi ya pakhonde. Amayiwo sanaimbe mokweza, ankadziwa pamene ali. Chimene chinkatifika chinali kugunda kwa zidendene pa simenti, pang'onopang'ono, kuima, n'kuyambanso. Mu laibulale imene munthu ukatsokomola amakuyang'ana, bambowa sananene kanthu. Ine misozi inkangoyenderera, ndipo sindinaipukute.

Atatuluka, mnzanga wa paubwana uja anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, maso akuwala.

“Taipeza, achemwali. Ili momwemo, yonse yathunthu.”

Sindinafunse kuti ndi iti. Ndinawaperekeza ku siteji.